Khoswe wa Pamkhate: N'chifukwa Chiyani Masewero Akale a Akazitape Sakusukuluka?

Lamulungu lililonse madzulo, makamaka m'nyengo ya chisanu pamene mdima umagwa 5 koloko isanakwane, ndimapita kukacheza ndi malume anga kuno ku Corby. Malumewo ndi bambo a zaka za m'ma 70. Kumudzi anali mphunzitsi wa ku sekondale, koma atafika kuno m'chaka cha 2004 anayamba ntchito ya usiku yolongedza katundu m'nyumba zikuluzikulu zija zazinga tawuni ino, kufikira tsiku limene anapuma. Tikatha kudya nsima, iwo amatsegula kabati n'kutulutsa kabokosi ka ma DVD kamene anagula motchipa m'sitolo ya kaunjika ya mabungwe achifundo. Pachikuto pake pali nkhope ya nkhalamba yovala magalasi aakulu, yooneka ngati kalaliki wa kwa DC amene wakalambira m'mafayilo. Ameneyo ndiye George Smiley, kazitape wa m'sewero la Tinker Tailor Soldier Spy limene BBC inaonetsa m'chaka cha 1979.

Seweroli malume aliona kambirimbiri, moti amadziwiratu pamene Smiley avule magalasi ake kuti awapukute. Adzukulu awo, amene anabadwira konkuno, amapirira mphindi khumi zokha n'kuthawira ku mafoni awo. Tsiku lina mmodzi anadandaula kuti, "Agogo, filimu yanuyi palibe chikuchitika. Anthu angokhala pansi, akumwa tiyi, akuyang'anana." Malume anaseka pang'ono n'kuyankha kuti, "Pamenepo ndiye pakuchitika zinthu, mwana iwe. Munthu woopsa sathamanga. Amakhala pansi n'kumamwa nawe tiyi."

Mawu amenewo anandikhala mumtima. Ndakhala ndikudzifunsa kuti kodi masewero a azungu, ojambulidwa kalekale m'maofesi a utsi wa fodya ku London, ali ndi chiyani chimene chimagwira mtima wa Mmalawi wachikulire mpaka kumugoneka mochedwa? Yankho lake silili pa kanema pokha. Lili m'mbiri ya dziko lino, m'mbiri ya kwathu, komanso m'katundu wosaoneka amene tinabwera naye kunja kuno.

Tinafika mochedwa pa kanema

Ambirife sitinakule ndi masewero amenewa. Wailesi ya kanema ya dziko lathu, Television Malawi, inayamba kuulutsa m'chaka cha 1999, masewerowa atakalamba kale. Zathu zinali Sewero la Sabata Ino ndi Kapalepale pa MBC, banja lonse litazungulira wailesi ya mabatire. Kazitape wa Chingelezi amene tinkamudziwa anali James Bond wa m'tinyumba toonetseramo mavidiyo ku Ndirande ndi ku Kawale, mnyamata wa suti ndi mfuti amene ankapha adani makumi awiri tsitsi lake lisanasokonezeke.

Titafika kuno tinapeza kuti anthu a dziko lino ali ndi akazitape ena amene amawakonda mwa njira ina. Danger Man anayamba m'chaka cha 1960, Patrick McGoohan akusewera ngati John Drake, kazitape wodalira nzeru kuposa mfuti. The Avengers inayenda kuyambira 1961 mpaka 1969, ndipo anthu amaikumbukira chifukwa cha John Steed wa chipewa ndi ambulera pamodzi ndi Emma Peel, amene anaseweredwa ndi Diana Rigg. Callan inabwera mu 1967, chaka chomwechonso The Prisoner inayamba. The Sandbaggers inaonetsedwa kuyambira 1978 mpaka 1980, ndipo Smiley anabweranso mu 1982 m'sewero la Smiley's People.

Masewerowa sanafe. Amabwerezedwa pa mawailesi oonetsa zakale monga Talking Pictures TV, imene inayamba mu 2015, ndipo ma DVD ake sasowa m'masitolo a kaunjika. Anabalanso ana. Ambiri amene tinafika m'zaka za m'ma 2000 tinapeza Spooks ili m'kamwa mwa aliyense, kuyambira 2002 mpaka 2011. Slow Horses, imene inayamba mu 2022 ndi Gary Oldman, ndi mdzukulu weniweni wa Smiley, pakuti akazitape ake ndi anthu otopa, olephera, okhala mu ofesi yauve.

Chaka cha 1979

Amene analemba buku la Tinker Tailor Soldier Spy mu 1974 ndi John le Carré, dzina lake lenileni David Cornwell, yemwe anagwirapo ntchito ku mabungwe onse awiri a ukazitape, MI5 ndi MI6. Nkhani yake ndi yosavuta kufotokoza. Pakati pa akuluakulu a bungwe la akazitape, limene m'nkhanimo limatchedwa Circus, pali mmodzi amene kwa zaka zambiri wakhala akutumikira Moscow mobisa. Oganiziridwa alipo anayi: Percy Alleline, Bill Haydon, Roy Bland ndi Toby Esterhase. Smiley, amene anali atachotsedwa ntchito, akuitanidwa mwakachetechete kuti apeze kuti ndani. Munthu wotere m'nkhanimo amapatsidwa dzina la kanyama kaja kokumba pansi, mfuko, kamene sukaona koma umangoona mbatata zako zikufota.

Nkhaniyi inatengera zenizeni. Mu 1951, Guy Burgess ndi Donald Maclean, ogwira ntchito ku unduna woona za maiko akunja, anathawira ku Soviet Union. Mu 1963 Kim Philby anawatsatira kuchokera ku Beirut. Philby ameneyu nthawi ina anali mkulu wa nthambi ya MI6 yolimbana ndi akazitape a Soviet Union, pamene iye mwini anali wawo kuyambira zaka za m'ma 1930. Onsewa anali ana a mabanja apamwamba, ophunzira ku Cambridge, anthu amene palibe ankalota kuwakayikira.

Seweroli, la zigawo 7, linayamba kuonetsedwa pa BBC2 mu Seputembala 1979, Alec Guinness akusewera ngati Smiley. Panthawiyo ogwira ntchito ku ITV anali pa sitiraka ya masabata ambiri, moti anthu analibe kothawira. Patangopita masabata ochepa chithere seweroli, mu Novembala, Margaret Thatcher anaulula ku nyumba ya malamulo kuti Sir Anthony Blunt, katswiri amene kwa zaka zambiri ankayang'anira zithunzi zojambula za Mfumukazi, nayenso anali kazitape wa Moscow. Anali ataulula yekha mu 1964, koma anamulonjeza kuti sazengedwa mlandu, ndipo nkhaniyo inabisidwa kwa zaka 15.

Mwezi womwewo wa Novembala uli ndi chilonda chake kuno ku Corby. Tawuni ino inali mudzi wamba kufikira zaka za m'ma 1930 pamene kampani ya Stewarts & Lloyds inamanga fakitale yaikulu ya zitsulo, n'kukokera kuno mabanja ambirimbiri a ku Scotland. N'chifukwa chake mpaka lero mumamva kalankhulidwe ka ku Glasgow pakati pa England. Mu Novembala 1979 British Steel inalengeza kuti kusungunula zitsulo kutha, ndipo mu 1980 ng'anjo zinazima. Anthu zikwizikwi anachotsedwa ntchito. Nkhalamba ina ya ku Scotland, yoyandikana nyumba ndi malume, inandiuza kuti anthu kuno sanadabwe ndi nkhani ya Blunt. Iwo anali ataona kale kuti zinthu zazikulu zimapanganidwa ndi anthu ochepa m'zipinda zotseka ku London, ndipo munthu wamba amamva pomalizira. Masewero a akazitape anakula pa dothi limeneli, la dziko limene linkataya maiko ake a utsamunda, mafakitale ake ndi chikhulupiriro chake mwa akuluakulu.

Chimene chimawasunga

Chinthu choyamba ndi kudekha kwawo. Smiley sathamangitsa galimoto, sathyola zitseko. Zida zake ndi mafayilo, makutu ndi chikumbumtima chosaiwala. Amapita ku Oxford kukacheza ndi Connie Sachs, mayi wokalamba amene anachotsedwa ntchito chifukwa chokumbukira zambiri, n'kumulekerera kuti alankhule. Amafunsa funso laling'ono, n'kukhala chete, mpaka wofunsidwayo adzaze yekha bata limenelo ndi zimene sankafuna kunena. Aliyense amene anakhalapo pa bwalo la mfumu akudziwa luso limeneli. Nduna yodziwa milandu sikalipa. Imangoti, "Tabwerezani pamene munati munali kumunda paja," ndipo wabodza amadzikola yekha. Ngakhale mdani wamkulu wa Smiley, Karla, amene anaseweredwa ndi Patrick Stewart, amaoneka kwa mphindi zochepa ndipo satulutsa mawu ngakhale amodzi.

Chachiwiri, masewerowa sabisa mtengo wa ntchitoyi. The Sandbaggers inalembedwa ndi Ian Mackintosh, amene anali msilikali wa pamadzi, ndipo iye anasowa mu 1979 ndege yaing'ono imene anakwera itazimirira kufupi ndi Alaska. M'zigawo zake 20, zambiri zimachitikira pa desiki ndi pa telefoni. Koma m'chigawo china mkulu wa akazitape, Neil Burnside, amalamula kuti mkazi amene akumukonda aomberedwe ku Berlin, pofuna kuteteza ubale wa bungwe lake ndi Amereka. Callan, amene anaseweredwa ndi Edward Woodward, ndi munthu wopha anthu m'malo mwa boma koma wodana ndi ntchito yake, ndipo bwenzi lake lokhalo ndi kambala wamantha wotchedwa Lonely. Mu Smiley's People, Smiley amagonjetsa Karla atatulukira kuti mdaniyo ali ndi mwana wamkazi wodwala maganizo amene anamubisa m'chipatala ku Switzerland. Amamugwira pa chikondi cha bambo kwa mwana wake. Pamapeto pake Smiley wapambana, koma nkhope yake ndi ya munthu amene akudziwa kuti wagwiritsa ntchito chida chonyansa.

Chachitatu, amadziwa kujambula mantha ovala nkhope yosekerera. Mu The Prisoner, ya zigawo 17, kazitape amene wasiya ntchito amadzuka ali m'mudzi wokongola wa maluwa, nyimbo ndi zikondwerero, wojambulidwa ku Portmeirion ku Wales. Aliyense kumeneko amapatsana moni mwansangala, aliyense ali ndi nambala m'malo mwa dzina, ndipo aliyense akuyang'anira mnzake. Palibe wotuluka. Malume ataonera chigawo choyamba anangoti, "Mudzi uwu ndikuudziwa. Ndinavinamo."

Ife sitinaonere, tinakhalamo

Ukazitape sunabwere kwathu ndi kanema. Ngakhale mawu athu akuti kapirikoni ali ndi mbiri: anachokera ku bungwe la Capricorn Africa Society limene David Stirling anayambitsa mu 1949, ndipo m'nthawi ya chitaganya Aafirika olowa bungwelo ankaonedwa ngati ogulitsa anzawo. Mu Januwale 1959 atsogoleri a Nyasaland African Congress anachita msonkhano wa m'tchire kufupi ndi Blantyre. Akapirikoni a polisi ya atsamunda anakanena kuti kumeneko kwapanganidwa chiwembu chopha azungu, amwenye ndi mafumu. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Dr Banda anatengedwa kupita ku ndende ya Gwelo, anthu oposa 1,000 anatsekeredwa, ndipo pafupifupi 50 anaphedwa, ambiri mwa iwo ku Nkhata Bay. Koma komiti ya woweruza Patrick Devlin itafufuza, inapeza kuti ngakhale kunalankhulidwa za ziwawa, umboni wa chiwembu cha kupulula anthu panalibe, ndipo inati Nyasaland panthawiyo inali dziko lolamulidwa ndi apolisi. Paja akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Apa za m'maluwazo zinapha anthu.

Ufulu utabwera mu 1964, makina a ukazitape sanaphwasulidwe. Anangosintha mwini, n'kukula. Kunali apolisi a Special Branch, apayoniya, ayufi oima pa chipata cha msika kufunsa khadi la chipani, ndiponso makutu osawerengeka osavala yunifolomu. Makalata ankatsegulidwa. Wolemba ndakatulo Jack Mapanje anatengedwa ku Zomba mu Seputembala 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka Meyi 1991 osazengedwa mlandu uliwonse. Ngakhale kuthawira kunja sikunali chitetezo. Attati Mpakati anavulazidwa ndi bomba la m'kalata ku Maputo mu 1979, kenako anaphedwa ku Harare mu 1983. Orton ndi Vera Chirwa anagwidwa cha kumalire a Zambia mu Disembala 1981, ndipo Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Mtolankhani Mkwapatira Mhango anafa pamodzi ndi ena a m'banja lake nyumba yawo itaponyeredwa moto ku Lusaka mu 1989, ndipo ambiri analoza chala kwa akazitape a boma la nthawi imeneyo.

Tinalinso ndi nkhani yoti ngakhale le Carré akanaisirira. Mu 1976 Albert Muwalo Nqumayo, mlembi wamkulu wa chipani, ndi Focus Gwede, mkulu wa Special Branch, anthu awiri amene dzina lawo lokha linkazizira anthu m'mimba, anamangidwa pa mlandu woukira boma. Muwalo ananyongedwa mu 1977. Gwede anakalowa m'ndende zomwe ankatumizako anzake, ndipo anatuluka mu 1993. Makina odya anthu sasankha, tsiku lina amadya wowayendetsa.

Izi ndi za m'mabuku a mbiri. Ya malume ndinaimva usiku wina titangomaliza chigawo chomaliza, pamene mfuko uja waululika n'kupezeka kuti ndi munthu wokondedwa ndi onse, wanthabwala, amene ankalowa ngakhale m'nyumba ya Smiley. Malume anazimitsa kanema n'kukhala chete kwa kanthawi.

"Mphwanga," anatero, "ife tinalipo asanu. Aphunzitsi okhaokha, pa sukulu imodzi, cha m'ma 1985. Tikalandira malipiro tinkakhala pa tebulo limodzi pa botolo sitolo. Tsiku lina mnzathu wina anachita nthabwala ya zaka za Ngwazi. Tonse tinaseka, ine ndemwe. Patapita masiku awiri kunabwera galimoto usiku, anthu ovala wamba, n'kumutenga ali ndi kabudula wogonera. Anabwera patatha zaka zitatu, mano ena palibe, ndipo sanachitenso nthabwala mpaka imfa yake."

Ndinafunsa kuti, "Nanga anakamunenera ndani, malume?"

"Ndilo funso ndakhala nalo zaka 40. Tinatsala anayi. Wina anakwezedwa kukhala hedimasitala chaka chotsatira, ndiye ndinati ndi iyeyo. Koma mwina anali wolimbikira ntchito chabe. Wina ankathandiza kwambiri mkazi wa mnzathuyo ndi ufa ndi sopo, ndiye ndinati chikumuvuta ndi chikumbumtima. Koma mwina anali wachifundo chabe. Ndipo ukudziwa chimene chimandiwawa? Iwonso ankandiyang'ana ine chimodzimodzi. Sitinakhalenso pa tebulo limodzi. Amene anakanena anamangitsa munthu mmodzi, koma anapha ubwenzi wa anthu asanu."

Apo ndinamvetsa. Pa kanema, Smiley amapeza yankho. Amakhala mu mdima kudikira, amamva mawu a woperekayo, ndipo nkhani imatha. Malume amaonera seweroli mobwerezabwereza chifukwa limawapatsa mapeto amene moyo unawamana. Anthu a ku East Germany analoledwa kuyambira 1992 kuwerenga mafayilo amene Stasi inkawalembera. South Africa inakhala ndi komiti ya choonadi ndi chiyanjanitso imene inayamba kumva maumboni mu 1996. Kwathu, itatha referendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha 1994, kunali kafukufuku wa imfa ya nduna zitatu ndi phungu mmodzi ku Mwanza mu 1983, mlandu umene unatha mu 1995 oimbidwa mlandu atapezeka osalakwa, komanso bwalo lopereka chipepeso kwa ozunzidwa. Koma funso la munthu wamba, lakuti anandinenera ndani, ambiri apita nalo kumanda. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, pakuti ukamuponya mwala uswa mkhate womwe. Anthu anasankha kusunga mkhate.

Chigawo chino chili ndi zinsinsi zake

Amene mukufuna kuonetsa ana kuti nkhanizi si za pa kanema pokha, simufunika kupita kutali. Pa mudzi wa Harrington, kufupi ndi Kettering, panali bwalo la ndege pamene mu 1944 ndege za Amereka zopakidwa utoto wakuda zinkanyamuka usiku kukaponya akazitape ndi zida m'maiko olandidwa ndi Germany. Violette Szabo, mayi wamng'ono wa mwana mmodzi, ananyamukira pamenepo mu Juni 1944 kupita ku France, anagwidwa patangopita masiku ochepa, ndipo anaphedwa ku Ravensbrück mu 1945. Pamalopo pali kanyumba kosungiramo mbiri imeneyi. Ku Beaumanor Hall, kufupi ndi Loughborough, atsikana ovala zomvera m'makutu ankatchera mauthenga a adani usana ndi usiku n'kumawatumiza ku Bletchley Park. Corby yeniyeniyi inapanga mapaipi a ntchito yachinsinsi ya PLUTO, yodutsitsa mafuta pansi pa nyanja kupita ku France.

Palinso malo ena otikhudza ife mwachindunji. Mu 2011, chifukwa cha mlandu wa nkhalamba za Mau Mau za ku Kenya, boma la Britain linavomera kuti linkasunga mobisa mafayilo zikwizikwi a maiko oposa 30 amene linkawalamulira. Ankasungidwa ku Hanslope Park, kufupi ndi Milton Keynes. Pakati pawo panali a Nyasaland, ndipo kuyambira 2012 anayamba kutumizidwa ku National Archives ku Kew, kumene aliyense angakawawerenge. Mbali ina ya mbiri ya agogo athu inagona zaka zambiri m'chipinda chokhoma, ulendo wa ola limodzi kuchokera pamene ambirife tikukhala.

Katundu amene tinabwera naye

Ndimagwira ntchito yoona za chisamaliro cha ana ndi mabanja, ija ambiri mumangoti a sosho. Sindinganene za banja lililonse limene ndagwira nalo ntchito, koma ndinganene za nkhope imene ndimaiona chitseko chikatseguka pa nyumba ya Mwafirika mnzanga. Ndi nkhope imene bambo anga ankaonetsa mlendo wosamudziwa akafunsa za ndale. Ngakhale pa zikondwerero zathu za pa 6 Julaye, ndikayandikira gulu lina nkhani imasintha n'kukhala ya mpira. Ndikudziwa kuti ena amanditcha kazitape wa boma.

Sindiwaimba mlandu, pakuti mantha awo ali ndi mizu iwiri. Muzu wina ndi wakumudzi, umene ndafotokoza kale. Wina ndi wa konkuno. Malamulo a za olowa m'dziko a 2014 ndi 2016 anachititsa eni nyumba za lendi ndi mabanki kukhala ofufuza mapepala a anthu, ndipo nkhani ya Windrush mu 2018 inaonetsa kuti ngakhale okhala movomerezeka akhoza kuvutitsidwa. Pakati pathu pamamveka mphekesera zakuti uje anakanenera uje ku Home Office atakangana pa ngongole kapena pa chibwenzi. Kaya ndi zoona kaya ndi zabodza, zotsatira zake ndi zija za pa tebulo la malume. Mayi womenyedwa ndi mwamuna amakhala chete. Bambo amene mutu wasokonezeka ndi nkhawa sauza munthu. Wodwala amabisa matenda mpaka tsiku limene tikusonkherana ndalama zotumizira maliro kumudzi, ndipo pamenepo ndi pamene timadziwa dzina lake lenileni ndi mudzi wa kwawo.

Ndiloleni ndinene kusiyana kwa kazitape ndi ine. Kazitape amabisa dzina lake, amabisa chimene akulemba, ndipo wolembedwayo sadzaona fayilo yake. Ine ndiyenera kukuuzani kuti ndine ndani, ndabwera chifukwa chiyani, ndiponso kuti zimene mundiuze zikafika kwa yani. Lamulo la Data Protection Act la 2018 limakupatsani ufulu wopempha kuona zimene khonsolo yalemba za inu, kawirikawiri kwaulere, ndi kupempha kuti zolakwika zikonzedwe. Sindikunamizani kuti zonse zimakhala zachinsinsi. Mwana akakhala pa ngozi ndiyenera kunena, ndipo banja lopanda mapepala likapempha thandizo, khonsolo imalumikizana ndi Home Office. N'chifukwa chake ndi nzeru kuyamba mwaonana ndi loya kapena mlangizi wovomerezeka wa za mapepala. Koma dziwaninso kuti gawo 17 la Children Act ya 1989 limalola khonsolo kuthandiza mwana wosowa pogona kapena chakudya ngakhale makolo ake saloledwa kulandira thandizo la boma, ndiponso kuti kulembetsa kwa dokotala wa m'dera lanu kuno ku England sikufuna umboni wa mapepala. Mabanja ambiri avutika zaka ndi zaka ndi zinthu zimene zikanatheka kukonzedwa, chifukwa choopa kufunsa.

Phunziro lalikulu la masewero aja, kwa ine, lili pamenepa. Mu Circus, mfuko sunawononge bungwe ndi zinsinsi zokha zimene unaba. Unaliwononga pochititsa kuti anthu okhulupirika achotsedwe ntchito, okumbukira atchedwe amisala, ndipo otsalawo aziopana. Kukayikirana kunagwira ntchito yaikulu kuposa kazitape mwini wake. Gulu la anthu ochepa ngati lathuli, lotalikirana ndi kwawo, silingapirire matenda amenewo nthawi yaitali. Kusamala pakamwa ndi nzeru, paja ukayenda umasiya phazi osati mlomo. Koma munthu aliyense afunika anthu awiri kapena atatu amene angawauze zoona zake zonse, ndipo ife amene tauzidwa tiyenera kuphunzira kusunga.

Lamulungu lapitali mdzukulu uja anakhala nafe mpaka chigawo chinatha, mwina chifukwa foni yake inali pa moto. Kenako anafunsa kuti, "Agogo, inuyo munayamba mwakumanapo ndi kazitape weniweni?" Malume anandiyang'ana, n'kuyang'ananso mwanayo, ndipo ndinaona kuti akuyeza mumtima ngati nthawi yakwana.

"Ndinamwa naye mowa," anatero, "koma sindidziwa kuti anali uti. Takhala pansi apa ndikuuze."

Anamuuza zonse, za khadi la chipani, za galimoto ya usiku, za anzake anayi aja. Mwa iwo watsala mmodzi yekha wamoyo, uja anakhala hedimasitala, ndipo akukhala kwa mwana wake ku Lilongwe. Pamene ndinkavala jekete kuti ndizipita, malume anandiperekeza mpaka pakhomo, chinthu chimene sachita kukazizira.

"Mphwanga," anatero motsitsa mawu, "ukandifunsire nambala yake kwa abale kumudziko. Sindikamufunsa kanthu. Tonse takalamba. Ndikungofuna ndimupatse moni."